Sikisi Handiredi ya Mayi Aila

Kunyumba yosamalira okalamba ya ku Blanchardstown kumene ndimagwira ntchito, anzanga akamadandaula kuti kunja kwazizira ine ndimangomwetulira. Kuzizira kwa ku Dublin ndi kwa mvula ndi mphepo, kumakunyowetsa koma sikukuluma. Kuzizira koluma ndinakuona kumpoto kwa Finland, kumene ndinakagwirako ntchito nyengo ziwiri za chisanu, ndipo amene ananditengera kumeneko ndi Mabvuto.

Mabvuto ndi wa ku Chipata, ku Zambia. Ine kwathu ndi ku Mponela, ndipo ndisanabwere kuno ndinkakonza njinga zamoto za akabaza pafupi ndi msika. Tinadziwana pantchito ya okalamba yomweyi, tikukankha mawilicheya m'khonde limodzi. Tsiku lina ndinataya tiyi pansi n'kuyamba kung'ung'udza m'Chichewa, ndiye ndinangomva munthu kumbuyo kwanga akuseka. "Mudala, nakumvani," anatero. Chibale chathu chinayambira pomwepo.

Chaka chimene tonse awiri tinalandira mapasipoti a dziko lino, Mabvuto anatulukira kunyumba kwanga ku Ongar Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi. Sanavule n'komwe jekete.

"Mudala, manje zitseko zatseguka," anatero. "Kumpoto ku Finland afuna anthu okamba Chizungu. Mu Disembala ndege zimanyamuka pano pa Dublin zodzaza na mabanja opita kukaona chipale chamene amati sinowo, ndipo afuna owayendetsa pa njinga. Imwe mudziwa injini, ine nidziwa kukamba na anthu."

Mkazi wanga Esnart anali akupesa tsitsi mwana wathu Tadala, amene nthawi imeneyo anali kupulayimale. Sanadzutse mutu.

"A Mabvuto, njinga yoyenda pa chipale munaionapo?"

"Pa foni, mulamu."

"Ndiye mukufuna munditengere bambo a mwanayu chifukwa cha zinthu za pa foni?"

Nkhaniyi tinaikoka kwa masabata angapo. Malipiro a kumeneko sanali oposa kwenikweni a kuno, koma pogona panali paulere ndipo kutchireko kunalibe kowonongera ndalama. Nyumba ya mayi anga ku Mponela inali ikudontha. Komabe chimene chinkandikoka kwambiri chinali china: manja anga anali atasowa sipanala. Esnart ankadziwa zimenezi, chifukwa ndinali nditamasula kale makina ake ochapira popanda chimene chinawonongeka. Pomaliza anangoti, "Pitani, mwina katundu wa m'nyumba muno apumako."

Tinafika kumapeto kwa Novembala. Titatsika basi ndinapuma mpweya kamodzi, m'mphuno monse munauma gwa. Dzuwa silinkatuluka. Cha kumasana kunkangoyera pang'ono ngati m'bandakucha, kenako mdima n'kubwerera. Tinkagona m'nyumba ya matabwa pamodzi ndi antchito ena a ku Spain ndi ku Poland. Ine ndi Mabvuto tinali ndi kachipinda kathu kamene kankanunkha masokosi ouma pa hitala. Kuvala kokha inali ntchito: chovala pamwamba pa chovala, mpaka munthu kulephera kuwerama kuti amange nsapato. Tinkamangana nsapato ngati ana a sukulu ya mkaka, uku tikuseka.

Abwana athu anali mayi Aila, mayi wamasiye wa imvi, wamfupi, wosachulutsa mawu. Kampani yawo inali yaing'ono, yoyambitsa malemu amuna awo. Iwowa ndi amene anatiphunzitsa njinga zija, zimene anthu a kumeneko amazitcha kelka. Kelka ili ndi chiwongolero ngati cha njinga yamoto, koma ilibe matayala. Kutsogolo ili ndi timapazi tiwiri titalititali totsetsereka, kumbuyo ili ndi lamba wa mano ngati wa katapila. Moto umapereka ndi chala chachikulu cha kumanja, pokankha kachitsulo kamene kali pachiwongolero. Kukula kwa injini amayeza ngati mmene timayezera pa njinga zamoto. Kwathu ya wani twente faifi imanyamula anthu atatu ndi thumba la chimanga. Kumeneko ya faifi fifite ankaitcha yaing'ono, ndipo ndi imene tinkapatsa alendo.

Ntchito yathu inali yotsogolera alendo m'nkhalango, kukoka ana ndi okalamba m'chileyi, ngolo yopanda matayala ija, kupititsa nkhuni kukanyumba kootherako moto kamene kanali kutsidya kwa nyanja youndana, ndiponso kukazula alendo amene aphonya njira n'kutitimira. Madzulo ine ndinkakhala m'galaja, mayi Aila akundisonyeza zimene zinkasiyana ndi njinga za kwathu. Nyengo yoyamba inatha bwino. Denga la mayi anga linakhomedwa malata atsopano, ndipo mu Epulo tinabwerera ku Dublin n'kuyambiranso kusambitsa okalamba. Chisanu chitayandikiranso, Esnart anandiyang'ana nthawi yaitali, koma sananditsekereze.

Nyengo yachiwiriyi ndi imene ndimaikumbukira kwambiri. Kelka yogwirira ntchito, imene tinkatsogolera nayo alendo ndi kukokera katundu, inali yakale, ya malemu aja. Mu Januwale injini yake inagogoda n'kuzima. Nditaitsegula ndinawauza mayi Aila kuti apa palibe chimene sipanala ingachite. Iwo anaisisita pampando kanthawi, kenako anatiitana tonse awiri.

"Ndigula imodzi yokha," anatero. "Imodziyo iyenera kuchita zonse: kutsogolera alendo, kukoka nkhuni, kuyenda m'njira zolimba ndi m'chipale chofewa. Oyendetsa ndinu, ndiye tisankhira limodzi. Wogulitsa wavomera kutibwereka ya eyiti fifite kaye, kenako ya sikisi handiredi."

Mabvuto maso anawala. "Mayi, palibe chosankha apa. Eyiti fifite. Mphamvu siwonongeka. Ngati simuifuna lelo, mailo muzaifuna."

Ine ndinati ya sikisi handiredi ingakwane. Ndinali nditaona ku Mponela anyamata akugula njinga zazikulu n'kumalephera kuzithira mafuta. Mayi Aila sanaikire kumbuyo aliyense. Anangoti tiyese kaye.

Tili m'kachipinda kathu ndinamufunsa Mabvuto chimene ankalimbira mtima chotero pa njinga ya eni. Anayang'ana kudenga, kenako anati, "Mudala, zaka zonse izi nakankha mawilicheya. Pang'onopang'ono, Mabvuto. Dekha, Mabvuto. Kunchito pang'onopang'ono, ku mapepala yembekeza, pa basi yembekeza. Nifuna chabe chinthu chimodzi chamene nikachikhudza chiyankhe pamene apo." Sindinamutsutse. Zimene ankanenazo ndinkazidziwa.

Ya eyiti fifite itabwera, ngakhale ine ndinaisirira. Inkalira ngati yakwiya. Ukangokhudza kachitsulo kaja, kutsogolo kunkanyamuka. Mabvuto anakwera nayo phiri limene makelka ang'onoang'ono ankabwerera panjira, n'kutsika akukuwa ngati wagoletsa chigoli.

M'masiku omwewo kunagwa chipale chambiri. Nkhuni zinali zitatha kukanyumba ka kutsidya, ndipo mayi Aila anatituma. Popeza ya eyiti fifite inali yobwereka ndipo inalibe pokolekera chileyi chachikulu cha nkhuni, ine ndinatenga ya faifi fifite ya alendo n'kukoleka nkhunizo. Mabvuto anatsogola kuti azinditsegulira njira.

Chimene sindinkadziwa bwino n'chakuti chipale chikachuluka chimalemera, chimatsindira ayezi wa panyanja, ndiye madzi amatuluka m'ming'alu n'kubisala pakati pa ayeziyo ndi chipale cha pamwamba. Ukayang'ana umangoona poyera mbee, koma pansi pali phala. Tili chapakatikati pa nyanja, ndinaona njira imene Mabvuto anadutsa ikuda, madzi akutumphuka. Iye anadutsa chifukwa cha liwiro. Ine ndinakankha kachitsulo mpaka kumapeto. Injini inalira, lamba anazungulira, koma nkhuni zinkandikokera kumbuyo. Liwiro linatsika, linatsika, mpaka ndinaima.

Ndinatsika kuti ndimasule chileyi. Apa mpamene madzi analowa m'nsapato zonse ziwiri. Poyamba anandiwotcha ngati moto. Ndinamasula chileyi, ndinakankha, ndinanyamula kumbuyo kwa kelka, koma phala lija linali litadzaza m'lamba ndipo linayamba kuuma ndikuona. Sindikudziwa kuti ndinalimbana nayo nthawi yaitali bwanji. Ndimangokumbukira kuti mapazi anasiya kupweteka, ndipo ndinasangalala, osadziwa kuti chimenecho ndiye chizindikiro choipa.

Mabvuto anafika kutsidya n'kuona kuti kulibe nyali ikumutsatira. Anabwerera. Anazungulira patali, kenako anabwera molunjika n'kuima pambali panga, m'phala momwemo.

"Kwerani!"

"Nanga njinga ya eni?"

"Siyani, mudala! Kwerani manje manje!"

Ndinakwera kumbuyo n'kumugwira m'chiuno. Tinali amuna awiri olemera, titaima m'madzi, ndipo ndinkaganiza kuti nafenso tatitimira. Mabvuto anapereka moto wonse. Kelka ija inakumba, inagwedezeka, kenako inadzuka ngati ng'ombe yomenyedwa chikwapu n'kutitulutsa, madzi akuulukira kumbuyo. Sitinaimenso mpaka pakhomo pa mayi Aila.

Anandivula nsapato okha ndi manja awo, n'kuviika mapazi anga m'madzi ofunda pang'ono. Magazi atayamba kubwerera ndinalira ngati mwana, sindibisa. Kuchipatala anati zala zina zichira, koma chaching'ono cha kumanzere tidikire tione. Chinada bii. Patapita masabata anachidula.

Esnart ndinamuimbira tsiku la ngoziyo. Nayenso amagwira ntchito yosamalira odwala, choncho sanakuwe. Anandifunsa mafunso ngati namwino: zala zili ndi mtundu wanji, ndikumva akandigwira kapena ayi, andipatsa mankhwala anji. Atamaliza anati, "Bambo a Tadala, bwerani kunyumba."

"Nyengo yatsala pang'ono kutha. Mayiwa atsala ndi Mabvuto yekha wodziwa njira. Ine ndizikhala m'galaja, sindituluka."

"Mayiwa ali ndi Mabvuto. Ine ndili ndi ndani?"

Anadula foni osatsanzika. Mawa lake anaimbanso kundifunsa ngati ndasintha bandeji, ndipo za kubwerera sanazitchulenso. Kusatchulako kunandilemera kuposa mawu.

Kelka yaing'ono ija anakaikumba ndi nkhwangwa anthu oyandikana nawo nyumba. Ine ndinkangokhala m'galaja, phazi lili pa mpando, ndikukonza zimene andibweretsera. Maganizo anga pa nkhani ya injini anali atatembenuka. Ndikatseka maso ndinkaona liwiro likutsika, madzi akuda akutumphuka. Ndinawauza mayi Aila kuti ndinalakwitsa, agule ya eyiti fifite. Ndinati popanda iyo bwenzi nditataya phazi lonse. Iwo anagwedeza mutu n'kupempha wogulitsa uja kuti aisiye kwa masabata ena, azilipira. Anaiikira pokolekera chileyi, ndipo Mabvuto ndi amene ankagwira nayo ntchito zonse tsiku ndi tsiku.

Ndinayamba kuona kuti akabwerako sakuimbanso nyimbo. Ankalowa m'galaja, kuvula magolovesi n'kumatikita chala chachikulu. Tsiku lina anandipempha ndione ngati injiniyo ili ndi vuto, chifukwa nyali yochenjeza za kutentha inkayakayaka. Vuto panalibe. Injini zazikuluzo zimazizira ndi chipale chimene lamba amawaza kunsi kwake ikamathamanga. Koma alendo sathamanga. Ndi anthu amene sanagwirepo chiwongolero chotere, amayenda ngati ali pamaliro, m'njira yolimba yopondedwapondedwa. Ndiye Mabvuto ankaima pafupipafupi, gulu lonse n'kuima naye, iye n'kumakokolera chipale kunsi kwa injini ndi manja. Mafuta nawo inkamwa ngati yabwereka pakamwa.

Ya sikisi handiredi itafika Mabvuto anaiyesa awiriwiri ndi mayi Aila, ine ndikungomva malipoti. Anaikoleka nkhuni, anatsogolera nayo alendo, ndipo anakailowetsa dala m'phala la m'mbali mwa nyanja, posaya, kuti aone ngati ituluke.

Tsiku losankha tinakumana m'galaja. Makelka awiriwo anali ataima moyandikana. Mayi Aila anayamba ndi ine.

"Eyiti fifite," ndinatero. "Ndinaona ndi maso anga."

Anatembenukira kwa Mabvuto. Iye anayang'ana njinga yaikulu ija kanthawi, kenako analoza inayo.

"Iyi."

Ndinadabwa. "Iwe Mabvuto, waiwala amene anatitulutsa panyanja paja?"

"Sininaiwale, mudala. Koma mverani. Sabata yatha ninakoka chileyi, munali agogo ena a ku Tallaght, ku Dublin kwamene, na adzukulu awo. Ponyamuka ninakhudza chabe pang'ono, njinga inatsomphola. Agogo aja anamenyetsa msana. Anaseka, anati palibe kanthu, mwana wanga. Koma nkhope ija niidziwa. Ni nkhope ya okalamba athu ku Blanchardstown, pamene wawanyamula moipa ndipo safuna kukuvutitsa. Tsiku lonse nimalimbana nayo kuti isathamange. Ni njinga yabwino, koma ifuna phiri na munthu mmodzi. Nchito yathu si imeneyo."

"Nanga tsiku lina madzi akadzabweranso?"

"Iyi tinailowetsa m'madzi na nkhuni kumbuyo. Inatuluka. Siuluka monga inzake, koma ngati suleka moto, ituluka."

Mayi Aila anakhala pa chigubu cha oyilo moyang'anana nane. Chizungu chawo chinali cha mawu ochepa, koma tsiku limenelo analankhula motalikirapo.

"Yaikulu inakupulumutsani, ndi zoona. Yaing'ono inakulepheretsani, ndi zoonanso, ndipo sindidzakolekanso nkhuni ku ya faifi fifite. Imeneyo ndi yabwino kwa mlendo: ndi yopepuka, imazizira ndi fani, sidandaula ndi njira yolimba, ndipo siopseza munthu. Koma chimene chinakumizani kwenikweni ndine. Ndinabadwira m'mbali mwa nyanja iyi. Ndinkadziwa kuti chipale chikagwa chotere madzi amakwera, koma ndinaganiza za alendo a mawa lake amene akanapeza kanyumba kopanda moto. Ndinayenera kukuzungulitsani njira ya kumtunda. Injini iliyonse ili ndi madzi amene angaimize. Ndikagula yaikulu chifukwa cha tsiku limodzi lija, ndidzakhala ndikuvutika nayo masiku ena onse, ndipo choopsa n'chakuti ndidzayamba kukutumani kumene simuyenera kupita, poganiza kuti mphamvu ilipo."

Aka kanali koyamba kumva bwana aliyense, kwathu kapena kuno, akunena kuti cholakwa ndi chake pamaso pa antchito. Sindinavomere kuti ndagonja, koma sindinatsutsenso. Anagula ya sikisi handiredi. Tsiku lobweza yaikulu ija Mabvuto anapempha kuti aiperekeze yekha. Anachedwa kubwerako, ndipo atafika akumwetulira anatiuza kuti anadzera kuphiri kukatsanzikana nayo.

Bala langa linapola chakumapeto kwa Malichi. Dzuwa linali litabwerera, likuwala pa chipale mpaka kuthobwa m'maso. Ndinayambiranso kutsogolera alendo m'nkhalango, ndipo kelka yatsopanoyo ndinaikonda. Inkanyamuka mofatsa, ana m'chileyi osagwedezeka, koma ukafika pachitunda ndi katundu n'kuipempha, inkapereka. Chimene sindinkatha ndi kupita panyanja. Ulendo wa kutsidya ukabwera ndinkapeza chochita m'galaja. Mayi Aila ankaona koma ankangondisiya. Mabvuto ndiye sanapirire.

"Mudala, simungabwerere ku Dublin na mantha aya. Muzayamba kuopa na bafa."

M'mawa wina anakoleka nkhuni kukelka yatsopano ija n'kundipatsa chipewa. Mayi Aila anatsika nafe mpaka m'mbali mwa nyanja. Anatenga ndodo n'kumabaya chipale, kundisonyeza kuti nsonga yake ikutuluka youma. Anandisonyezanso malo akuda cha kumpoto kumene mtsinje umalowera, n'kunena kuti kumeneko ngakhale ndi injini yanji osayandikirako. Kenako anabwerera m'mbuyo.

Ndinakwera kutsogolo, Mabvuto kumbuyo kwanga. Ndinakankha kachitsulo kaja, tinanyamuka. Titafika chapakatikati, pamalo omwe aja, ndinafuna kuleka moto.

"Osaleka!" anakuwa Mabvuto m'khutu mwanga. "Gwirani pamene apo!"

Ndinagwira pomwepo. Injini inkangolira mofanana, nkhuni zikutsatira. Tinafika kutsidya, tinatsitsa nkhuni, tinakoleza moto m'kanyumba kaja n'kumwa khofi. Pobwerera Mabvuto anakwera m'chileyi chopanda kanthu, atagona chagada ngati mfumu, akuimba nyimbo ya kwawo njira yonse.

Nyengo itatha Mabvuto anatsala. Mayi Aila anamupempha kuti aziwathandiza ngakhale m'chilimwe, pa maboti ndi kukonza tinyumba. Mabvuto anandiperekeza pa basi. Anangondimanga chingwe cha nsapato chimene chinamasuka, monga tinkachitira masiku oyamba, n'kunditsanzika kuti, "Mupereke moni kwa mulamu. Muwauze kuti nipepesa."

Pabwalo la ndege ku Dublin ndinkayembekeza kukwera basi monga kale. Koma Esnart anali pomwepo, makiyi ali m'manja. Anali ataphunzira kuyendetsa galimoto ine kulibe, n'kugula kagalimoto kakale kwa mnzake wa kuntchito. Sanandiuze pa foni. Nditatambasula dzanja kuti andipatse makiyi, anandilozera mpando winawo. Anayendetsa mwa mtima pansi mpaka ku Ongar, mvula ikuwaza, akundifotokozera kuti anasintha ntchito, tsopano ali kuchipatala cha ku Blanchardstown, ndiponso kuti mpopi wa kukhitchini umene unkadontha anaukonza yekha poonera pa foni. Tadala anali kumbuyo, atatalika moti ndinachita kumuyang'ana kawiri. Ndinkamufunsa m'Chichewa, iye n'kumayankha m'Chizungu cha ana a kuno, chothamanga, mawu ena osawamva. Ndinazindikira kuti nyumba yanga inaphunzira kuyenda popanda ine, ndipo panalibe amene ndikanamuimba mlandu.

Titalowa m'nyumba ndisanamasule n'komwe chikwama, Esnart anandikhazika pa sofa.

"Vulani sokosi."

Ndinavula. Anagwada n'kutenga phazi langa m'manja mwake. Analitembenuza, anasindikiza pachipsera, anagwira chala chilichonse n'kumandifunsa ngati ndikumva. Tadala anasuzumira paphewa pa mayi ake n'kufunsa m'Chizungu kuti chala chinacho anachiika kuti. Ndinamuuza kuti chinatsala kumpoto. Anaganiza kanthawi n'kunena kuti ndiye chikuzizidwa.

Esnart sanaseke. Sanalirenso. Anandiveka sokosi ija yekha, pang'onopang'ono, kenako anandiyang'ana m'maso.

"Chimenecho munawapatsa eni ake a chipale, atenge. Koma zatsalazi ndi zanga. Simupita nazonso kulikonse."

Ndinabwerera kuntchito ya okalamba. Mu Okutobala foni inalira tikudya, ndipo anali Mabvuto. Anati chipale choyamba chagwa, sikisi handiredi ikuyenda ngati yatsopano, mayi Aila akupereka moni ndipo akufunsa ngati bedi langa aliyale. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza. Ndinaona nkhalango ija m'maso mwanga, ndinamva fungo la galaja, ndipo manja anayamba kuyabwa, kufuna sipanala.

"Dikira pang'ono, Mabvuto," ndinatero. "Lankhula ndi eni ake a mapazi."

Ndinapereka foni kwa Esnart, ine n'kupitiriza kudya.